Mowa Wopanda M'bale

Tsiku loyamba kuwaona a Chibale, mayi wina anali kupukuta matambula m'kachipinda ka kuseri kumene amuna ake ankafululira mowa wawo, mgolo umodzi mtundu wakewake. A Chibalewo ananunkhiza mowa wina, n'kulawa pang'ono, n'kulengeza kuti, "Uwu ndi mlamu wanga. Kukoma pofika, kuwawa potsanzika."

Dzina la Chibale linachokera pamenepo. Loweruka lililonse gulu la olawa mowa linkakhala patebulo lalitali, kuyambira woyera kumalizira wakuda, akumatsuka m'kamwa ndi madzi. Ena ankati ukumveka uchi, ena khofi. A Chibale ayi. Kwa iwo mowa uliwonse unali m'bale.

"Awa ndi azakhali anga. Thovu lambiri, nkhani palibe."

"Nanga wakudawu?" anafunsa a telala, mmodzi wa gululo.

"Apongozi. Umwe utagwada."

"Inu abale anu sakutha?"

"Akatha ndikwatiranso."

Ngakhale mowa umene unasasa mpaka onse kuulavula, iwo anaumeza misozi ili m'maso. "Mwana wanga woyamba. Musamunyoze pamaso panga, koma musandipatsenso."

Mayiyo ankaseka atatembenukira kukhoma, chifukwa anali munthu wamanyazi.

Amuna ake atamwalira, anatopa. Kutsuka migolo, kukoka matumba a chimera, kumwetulira alendo msana ukuwawa. Mowa umene malemu anasiya unkatha, ndipo iye anaganiza zoti ukatha atseke chitseko. Koma kamodzi kokha anafulula wake, osauza munthu. Mumtima anati, akaukana basi, nditseka ndikapume.

Loweruka litafika, anauthira pomaliza.

"Wotsala wa malemu?" anafunsa a telala. Kenako anadziyankha okha. "Ee, malemu anali ndi dzanja!"

A Chibale ananunkhiza. Analawa. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali ngati akuitana mtundu wawo wonse, amoyo ndi akumanda omwe.

"Tiuzeni, ameneyo ndani?"

"Sindikumudziwa," anatero. "Mlendo."

Gulu lonse linafa nacho chiseko, ati abale atha lero. Mayiyo anaganiza kuti aukana basi. Munthu amene anapezera m'bale mowa wosasa, wake wausowera ngakhale msuweni wakutali! Anatola matambula mwakachetechete, akuganiza za loko wa pachitseko.

Loweruka lotsatira a Chibale sanabwere. Anagona masana pampando kwawo, osadzukanso.

Masiku ano gulu limakumanabe, koma mowa wangokhala mowa. Uchi, khofi, uchi, khofi. A telala anayesa tsiku lina kunena kuti "uwu ndi mphwanga," ndipo palibe anaseka, ngakhale iwo eni. Mpando wa a Chibale wa kumapeto anthu amaulambalala ngati pali munthu.

Mayiyo akadali wotopa, msana sunasinthe. Koma loko sanamugwire. Akamakoka thumba la chimera amakumbukira mmene Loweruka la mowa wake lija linathera. Anzawo atatuluka, a Chibale anatsalira akufunafuna chipewa chimene chinali pamutu pawo. Kenako anamubweretsera tambula yawo, mopanda ngakhale kadontho, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, amuna anu ankafulula abale anga okhaokha, ndipo kunena zoona ndinatopa nawo. Mlendo uja si wa malemu, ndi wanu. Mumubweretsenso sabata yamawa, ndidzabwera nditavala jekete. Ndikufuna ndimufunsire, alowe m'banja."