Hamala ya a Kaitano

Ku Manyame Park kunalibe tebulo lomwe silinalaweko hamala ya a Kaitano. Malemuwa ankaweruza milandu m'bungwe la maliro la Amalawi okhala kudziko la Ashona, ndiye tsiku lina anaona pa TV jaji wa ku Amereka akugogoda tebulo ndi kahamala. Basitu, matenda anayambira pomwepo. Kahamala ka mtengo analibe, choncho anatenga chihamala chophwanyira miyala.

"Chete m'khoti!" Phwaa! Tebulo la ku tchalitchi miyendo m'mwamba.

Woyenda m'makomo kupepesa anali akazi awo, a Modester, omwe kwawo ankadyera pansi chifukwa matebulo anatha kalekale.

"Bambo a Elsie, kodi simungaweruze ndi pakamwa ngati anzanu?"

"Pakamwa mpomwera tiyi, mayi. Chilungamo chimafuna phokoso."

Kenako anamva kuti ku Amerekako jaji akatopa ndi milandu amakapanga malamulo. Nawo anaimira ukhansala. Anthu anawavotera, ena powakonda, ena poopera mipando yawo. Pa msonkhano woyamba khansala wina anawanyoza kuti ndi mubhurandaya, mlendo wa ku Blantyre. Abale inu! Hamala inamudutsa pakhutu n'kukaswa wotchi ya pakhoma, mkuluyo n'kutulukira pawindo nsapato imodzi itatsala.

Koma lamulo lenileni lomwe a Kaitano anapanga linali limodzi. Mwana wawo Elsie anakwatiwa ndi Sunday, dalaivala wa minibasi zomwe kuno amati kombi, munthu wa dzanja lofulumira. Tsiku lina Elsie anafika mlomo utang'ambika, magazi ali pabulauzi. A Modester anaona amuna awo akudzuka osalankhula kanthu, ndipo anadziwa kuti zavuta, poti phokoso lawo anali atalizolowera koma chete ameneyu ayi. Anawathamangira mpaka ku Town Centre.

"Mkamwini," anatero a Kaitano ataima kutsogolo kwa kombi, "bala limodzi, galasi limodzi."

Phwaa! Galasi lakutsogolo linayoyokera pamiyendo pa Sunday. Okwera anathawa, tomato mbwee pamsewu.

"Baba, ndapota!" analira Sunday, kupempha chifundo m'Chishona.

"Khoti lino ndi la Chichewa, iwe." Phwaa! Lam'mbali.

Mwezi wonse wa Juni Sunday ankayenda ndi mapulasitiki m'mawindo, mamina ali chuu ndi chisanu. Dzanja lija linazizira zaka zambiri. Ankati akakwiya, Elsie amangoyang'ana kombi, mwamuna n'kukhala pansi. Ndipo tinene zoona, hamala imeneyo siinakhudzepo thupi la munthu, ngakhale kamodzi.

A Kaitano anatisiya chaka chatha, shuga ndiye anawagwetsa. Pamaliro anthu anaseka mpaka misozi pokumbutsana zomwe zinaphwanyidwa m'nyumba zawo. Sunday analira kuposa onse, ndipo a Modester sanakondwe nako kulirako.

Masiku ano ku Manyame Park kuli zii. Milandu ya bungwe amaikamba monong'ona, sikutha ayi. A Modester anagula tebulo, koma chakudya sichiwakomera pamenepo, amawasowa amuna awo koopsa.

Lamlungu lapitali Elsie anabwera atavala magalasi akuda, kunja kuli mitambo. Mayi ake anamuvula, n'kuona diso lotupa. Anagwada, n'kukoka hamala pansi pa bedi, koma kuinyamula kunawakanika.

"Elsie," anatero akupuma movutikira, "kabwereke wilibala kwa aneba."