Amene Ankandipalirira Nshawa Mobisa

Mpaka lero ndikaona linthumbu likudutsa panjira, manyazi amandigwira lisanandilume n'komwe. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti amene anaiona ndi maso anatisiya kale, ndiloleni ndidziulule ndekha.

Zinachitika nthawi ya nkhondo yaikulu ija, amuna anga atapita ku usilikali. Ine kwathu ndi ku Chipangali, koma ndinakwatiwa kwa Angoni kufupi ndi Mtenguleni, ndipo mkazi wokhala pamudzi pa eni mwamuna kulibe amangokhala tcheru ndi chilichonse. Chodzitama nacho ndinali nacho chimodzi: ndinkadziwa kuwerenga. Choncho amayi a mumpingo, amene tinkasonkhana Lachinayi, anandisankha kuti ndiziwatsogolera m'malo mwa amake Losina, mayi wachikulire amene anawatsogolera zaka zambiri osadziwa chilembo ngakhale chimodzi. (Ndinene zoona, sanangondisankha okha. Ndinayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu kuti mtsogoleri wogwira Buku chozondotsa amachititsa manyazi mpingo.) Amake Losina sanatsutse. Ananyamula kamphasa kawo n'kukakhala kumbuyo akumwetulira, ndipo kumwetulirako ine sikunandisangalatse. Munthu walandidwa udindo n'kumasekerera? Ndinati alipo chimene akukonza.

Phunziro langa loyamba linali la ophunzira a Ambuye amene ankakangana panjira kuti wamkulu ndani. Ndinaliphunzitsa mokweza mawu, nditamanga mpango watsopano wogula kwa amwenye ku Fort Jameson, kuti wamkulu weniweni ndi amene amatumikira anzake. Amayi anavomera ndi mitu. Ine ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti wamkulu ndine.

Mvula itakhazikika, chitsa chinandibaya kuphazi. Phazi linatupa mpaka kufanana ndi dzungu, ndipo masabata atatu sindinaponde kumunda. Ndinkagona pamphasa ndikuganiza za nshawa zanga (kwina amati mtedza), kuti udzu wazimeza basi. Tsiku limene ndinakwanitsa kutsimphina ndi ndodo kukaona, ndinapeza mizere khumi yopaliridwa bwinobwino, udzu utaunjikidwa m'malire.

Wina akanagwada pomwepo n'kuthokoza. Ine ndinayamba kukayika. Ndani amalima munda wa mnzake popanda chimene akufuna? Ndinaganiza za alamu anga aZakeyo, mng'ono wawo wa amuna anga, amene munda wawo unachita malire ndi wanga. Lero apalira, mawa azidzati munda ndi wawo chifukwa anakhetserapo thukuta.

Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu," ndinatero osapereka ndi moni womwe, "akulu anu sanafe ayi. Munda uja mwini wake alipo."

"Munda uti, alamu?"

"Umene mukuupalira ine ndili chigonere."

Anaseka mpaka kasemasema kanagwa m'manja. "Ine? Wanga womwe udzu wafika m'chiuno. Pitani mukaone nokha, ngati simukakumana ndi njoka."

Ndinapitadi kukaona (inde, ndi phazi lomwelo), ndipo udzu unalidi m'chiuno.

Patapita masiku awiri, mizere ina isanu inali itayera. Ndinawerama kuyang'ana mapazi m'dothi: ang'onoang'ono, a munthu wamkazi. Apa maganizo anga anathamangira kwina. Paubwana wanga ndinamva kuti alipo anthu amene amakwirira mankhwala m'munda wa mnzawo kuti zokolola zikadzaze nkhokwe yawo. Ine, mtsogoleri wa amayi, wowerenga Buku, ndinatenga khasu n'kukumba ngodya zonse zinayi za munda, kuzula nshawa zanga zomwe pofuna mankhwalawo. Ndinapeza phale lakuda ndi mwaye. Ndinalinyamula ndi timitengo, ndikupemphera, n'kukaliponya kumtsinje. Pobwerera ndi pamene ndinakumbukira kuti linali langa, lija ndinkatengera moto popita kukaotcha mapesi.

Ndinaganiza zomugwira m'manja. M'mawa mwake, kunja kukungoyera, ndinakabisala kuseri kwa chulu chimene chinali m'mphepete mwa munda, n'kukhala pansi mu udzu wonyowa. Posakhalitsa ndinamva wina akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinasuzumira. Amake Losina, khasu paphewa!

Ndinati ndimadziwa ine. Anatula khasu, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kumasula mfundo ya pansalu yawo. Ndinagwiritsa ndodo yanga. Anatulutsa kanthu kakang'ono, n'kutsina, n'kuika kumphuno. Anali fodya. Anayetsemula kawiri n'kuyamba kupalira.

Ndinati ndidikire ndithu, mankhwala atulutsa pambuyo. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndinakhalira mzere wa linthumbu. Amene munalumidwapo mukudziwa khalidwe lake: limakwera mwakachetechete mpaka lifike paliponse, kenako lonse lilume nthawi imodzi ngati lapangana. Ndinakuwa mawu amene sindinawaphunzire kutchalitchi. Ndinalumpha chulu chija, nsalu uko, ndodo uko, phazi lodwala lija likuthamanga kuposa lalamoyo, n'kukagwera pamapazi pa amake Losina.

Sanaseke. Anandikokera poyera, anavula nsalu yawo yapamwamba n'kundifunditsa, kenako n'kuyamba kundichotsa linthumbu limodzilimodzi, m'tsitsi, kumsana, m'khwapa, ndi kwina kumene sindingatchule.

"Mwana wanga," anatero atamaliza, "mumatani kuseri kwa chulu?"

"Ndimapemphera, amayi."

"Malo ake munasankha oipa."

Koma mtima wanga wokayika sunagone. "Nanga inu, m'munda mwa eni mumafunamo chiyani?"

"Udzu sudikira kuti phazi lipole. Amuna anu akabwera kunkhondoko adzapeze nkhokwe yopanda kanthu?"

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanakana. Mwinanso mukanandiimiritsa pamaso pa amayi Lachinayi kundithokoza, ine n'kusowa poyang'ana." Anatola khasu lawo, n'kuloza kungodya ndi mlomo. "Koma muchenjere, kuno kukubwera nguluwe. Yakumba ngodya zonse zinayi, nshawa n'kungozisiya osadya."

"Nguluwe yoipa kwambiri," ndinatero, maso ali pansi.

Lachinayi lotsatira ndinapita ku msonkhano ndikudziwa kuti mudzi wonse wamva. Mayi aliyense wokanda pamsana ndinkati akundinena ine. Wina atatsokomola ndinati akubisa phwete. Ndinadikira sabata, mwezi, miyezi. Palibe amene anamva kanthu. Amake Losina ankangokhala kumbuyo pa kamphasa kawo, kuyimba nyimbo zonse pamtima, ndipo ine ndikatsegula Buku kutsogolo mawu anga sankakweranso ngati kale.

Phazi litapola, ndinati nanenso nditumikire. Ndinatenga khasu kupita kumunda kwawo wa chimanga. Koma sindinapite m'mawa anthu asanadzuke ayi. Ndinadikira dzuwa likwere, tsiku limene anthu ambiri amapita ku Boma, ndipo ndinasankha mizere ya m'mphepete mwa msewu. Aliyense wodutsa ndinkamupatsa moni mokweza kuti asaphonye kundiona.

Amake Losina anabwera ndi mbatata zootcha m'kambale. Anaima n'kuyang'ana ntchito yanga nthawi yaitali.

"Zikomo, mwana wanga, mwandithandiza," anatero. "Kungoti kuno kumsewu ndinapalira kale dzana. Udzu uli kumusi uko, kudambo."

Ndinayang'ana kudamboko. Kunalibe njira, kunalibe munthu, bango lokhalokha. Ndinapita ndithu, koma ndisakunamizeni, mizere iwiri yoyamba ndinkapalira ndikutembenuka, kuti mwina wina angadutse.