Bokosi Si Nyumba

Kwa Olemekezeka a Mkonzi Wamkulu wa Kaundula wathu wa Masamba a pa Intaneti,

Bwana, ndagwada. Ndine uja munandipatsa gawo la "Okonza Zinthu" zaka zinayi zapitazo, wongodzipereka, wokhuta "zikomo" wa pa imelo. Ndati ndithokoze chifukwa cha Malangizo a Akonzi atsopano aja, masamba makumi asanu ndi limodzi. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, anuwa ndikuwadikirabe.

1. Zikomo chifukwa cha Lamulo 9, loti aliyense wolowa m'kaundula akhale ndi nambala ya nyumba. Latithandiza kuchotsa abambo ena okalamba okonza maambulera, amene akhala pansi pa masitepe a sitolo ya mankhwala kuyambira ndili pasukulu. Chaka chino eni sitolo anawasamutsira kuseri, pafupi ndi mpopi wodontha, moti makasitomala awo akuyesa kuti anamwalira. Mwana wawo wamkazi anawapangira katsamba, ine n'kukalowetsa, inu n'kukachotsa. Ndinatenga penti n'kukalemba 1 pabokosi lawo la zida. Munayankha kuti bokosi si nyumba. Nzeru zotere ife tikanazitola kuti?

2. Lamulo 23 likuletsa mawu oyamikira. Ndinalemba kuti "amakonza bwino", munafufuta "bwino". Ndinasiya "amakonza", munafuna umboni. Umboni ndi ambulera ya malemu mayi anga, bwana, yakonzedwa kasanu ndipo sidontha. Koma ambulera ilibe tsamba, ndiye ndamvetsa. Mwamwayi lamuloli linalambalala tsamba la mbiri yanu, pomwe mawu oti "katswiri" alipo kasanu ndi kawiri.

3. Gawo langa tsopano lili mbee! Mwatsala makampani awiri. Imodzi inatseka kalekale, koma nambala ili nayo.

Kunena zoona, zikundiwawa. Dzulo bambowo anandikodola n'kundifunsa ngati dzina lawo latuluka m'makinamo. Ndinanama kuti mawa. Mvula yayandikira, ndipo chaka chawo chonse chimadalira miyezi imeneyi.

Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku limene mphepo idzapinde ambulera yanu, musadzavutike kufunsa anthu. Mudzatsegule kaundula wathu, mudzafufuze mofatsa muli pamvula pomwepo. Mukadzandiimbira foni ndidzayankha mwaulemu wonse, koma kukuuzani amene amakonza bwino sindidzatha. Lamulo 23 limandiletsa.

Ine wanu wogonjera,
Mkonzi wa gawo la makampani awiri