Tsiku Lomwe Apongozi Anandichotsa Pansi pa Simenti

Anzanga, mantha a mwana woyamba amachititsa zinthu. Ine ndili pachikamwini kuno ku Mlonyeni, ndipo ntchito yanga ndi kukhala pampando ku boda tsiku lonse, kulembera mafomu madalaivala a mathiraki. Tsiku lina nditaperekeza mkazi wanga, mayi a Tadala, ku sikelo, namwino anaphunzitsa kuti munthu akamakalamba minofu imaphwa pang'onopang'ono, pokhapokha azilimbitsa thupi ndi kudya zinthu ngati mazira, nyemba ndi soya. Mtima wanga unangoti myu! Amene amatsala ndi Tadala ife tikachoka ndi apongozi anga aakazi, ndipo mikono yawo ndi yowonda ngati mapesi. Nanga atadzamugwetsa?

Vuto ndi loti mkamwini ndi apongozi sitiyang'anana m'maso, mawu amadzera mwa mkazi. Koma mayi a Tadala anakanitsitsa. "Ine ndikawauze amayi kuti azidumphadumpha? Kawauzeni nokha, adokotala."

Ndiye ndinati ndiwaphunzitsa mwa chitsanzo. Ndinathira simenti m'zitini ziwiri za penti, pakati chitsulo, n'kugulanso mazira thireyi yathunthu. Loweruka m'mawa, mkazi atapita kumjigo, ndinaika benchi pabwalo, pomwe apongozi akanandiona bwino ali pakhonde kusenda mtedza, Tadala ali kumsana.

Ndinagona chagada, n'kukankha chitsulo m'mwamba, uku ndikulengeza ngati ndikuuza nkhuku: "Wani! Izi zimathandiza kwambiri anthu achikulire!"

Thuu sindinamufike. Mikono inayamba kunjenjemera, chitsulo chinatsika chokha n'kudzakhazikika pachifuwa. Kukankha, ayi ndithu. Kuti ndigudubuke, benchi linayamba kupendama. Kukuwa? Ukuwira ndani, apongozi? Mapeto ake, bambo wamkulu ine, ndinaitana khanda la miyezi isanu ndi itatu.

"Tadala... Tadala mwananga..."

Apongozi anadzuka osafulumira, anasasa makoko pachitenje, n'kubwera cham'mbali, nkhope atalozetsa kunkhokwe.

"Iwe Tadala," anatero, "tawafunsa abambo ako ngati amaliza, kapena tiwasiye aziphunzitsabe."

"Tadala, uwauze agogo kuti ndikufa!"

Anthuni! Anangowerama, mwana ali kumsana komweko, maso akadali kunkhokwe, n'kunyamula chitsulo chija ngati akuchotsa mtolo wa nkhuni. Sanabuule n'komwe. Anapita nacho mpaka kukhola la mbuzi, akung'ung'udza nyimbo ya kumvano, ine ndili wefuwefu pabenchi. Pamenepo mpamene ndinakumbuka kuti mikono yowondayo imalima, imasinja, imasenza ndowa tsiku ndi tsiku, pomwe yanga chinthu cholemera chomwe imanyamula ndi sitampa.

Mayi a Tadala atabwera n'kumva nkhaniyi anaseka mpaka madzi anatayikira, ndipo nanenso ndinaseka, ngakhale nthiti zinkabaya. Mazira aja anandiphikira ine, awiri tsiku lililonse, molamulidwa ndi apongozi. Chitsulo changa pano chimatsekera chitseko cha khola, ndipo masiku opuma ndimagwira khasu.

Koma chomwe chinandimaliza ndi madzulo a tsiku lomwelo. Nditatambasula manja kuti ndinyamule mwana wanga, ndinamva mawu kuchokera pakhonde:

"Tadala, uwauze abambo ako ayambe akhala pansi. Angakugwetse."

Ndinakhala pansi. Ndipo ndalumbira: sindidzayezanso mphamvu za apongozi ndi maso.