Kuyeza Mitima, Osati Kuyesa

Lolemba, 8 Okutobala 2007
Zatheka! Aphunzitsi anga a digiri ya mastazi ku yunivesite ya Greenwich avomera kafukufuku wanga: momwe mtima umagundira munthu akamalimbitsa thupi. Koma akufuna manambala a anthu khumi pofika Lolemba likubwerali, apo ayi ndidikire chaka chamawa. Chaka china chonyamula okalamba ku keya, nyumba yowasamalira, ku Romford? Msana wanga wakana.
Anthu khumi si nkhani. Mpingo wathu ku Tottenham ndi wodzaza.

Lachiwiri
Ndabwereka kusukulu: bokosi lokwerapo ndi kutsika, lamba wa pachifuwa wowerenga kugunda kwa mtima, ndi wotchi yake yoonetsa manambala. Bokosi lagunda mawondo a anthu atatu m'basi.
Chilengezo ndalemba bwinobwino: "Loweruka tidzayeza mitima. Musadye kwa maola awiri musanabwere."

Lachitatu
Mapemphero a pakati pa sabata. Ine ndili pa shifiti, choncho chilengezo akuwerenga Linda, mlembi wa mpingo, wobadwira kunja konkuno, amene Chichewa chake ndi cha m'khutu basi. Wanditumizira uthenga: "Done, sis! Anthu anati Amen kwambiri."
Ameni wa chiyani?

Lachinayi
Mayo ine! Linda anati tidzaYESA mitima, ndipo tisale kudya masiku awiri. Foni siikupuma. Mayi wina akufunsa ngati adzaulule poyera kapena kwa ine ndekha. A Nkhoma, mkulu wa mpingo, akuti: "Mwana wanga, mtima wa munthu amauyesa ndi Mulungu yekha. Inu mwadzozedwa liti?"
Ndafotokoza kuti ndi za sayansi. Akuti zimenezo ndiye zoopsa kwambiri.

Lachisanu
Ndaimbira aliyense kukonza nkhani. Manesi asanu a mumpingo omwe amva msanga onse ali pa shifiti mawa. Otsalawo akuti ayamba kale kusala, sangasiyire panjira. Ndikuchita mantha, kunena zoona.

Loweruka
Abwera anthu 23! Mabaibulo m'manja, m'mimba mulibe kanthu chidyere Lachinayi. Munthu wanjala sindingamukweze pabokosi, angandigwere. Ndathamanga kukagula buledi ndi tiyi. Adya, akhuta, tsopano lamulo la maola awiri lija lasweka.
Bokosi akhalira woimba kiyibodi.
Mayi Chirwa a kwaya okha ndiwo avomera kuvala lamba. Tisanayambe n'komwe wina wayambitsa kolasi, iwo ulendo kukavina, lamba ali pachifuwa, wotchi ili pamkono panga. Ndikuyang'ana: 118, 132, 141! Mphindi makumi awiri osapuma, munthu wa zaka 58 amene amandiuza kuti masewera ndi za ana. Ndalemba manambala onse pa pepala la nyimbo.

Lamlungu, 14 Okutobala
Okwera bokosi: palibe. Manambala: a munthu mmodzi, olembedwa pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu ya nyimbo. Basi, zagwa zatha. Mawa ndibweza bokosi, ndikauze aphunzitsi chilungamo, ndiwaonetse pepala la nyimbo, ndipemphe sabata imodzi yokha ndi mutu watsopano: mtima wa mayi wovina m'kwaya. Kaya avomera, kaya.
Koma potuluka m'tchalitchi amayi khumi ndi awiri anditchingira pakhomo. Mayi Chirwa awauza kuti mtima wawo ndi wa mtsikana, sayansi yatsimikiza, ndiye aliyense akufuna lamba. A Nkhoma nawo afunsa chonong'ona ngati alipo wa amuna.
Ndati Loweruka likubwerali. Chilengezo ndiwerenga ndekha.