Nkhuku za Agogo Nangozo

Lolemba
Loweruka amayi akukwanitsa zaka 70! Phwando kwa achemwali ku Area 47. Makolo a Wongani, chibwenzi changa, akubwera kudzationa koyamba. Kwawo ndi abusa ndi aphunzitsi okhaokha kuyambira kalekale. Ine ndidzalankhula za makolo athu akale, aone kuti nafenso ndife anthu. Zofunika: keke, nkhuku, tenti, kholo limodzi laulemu wake. Zophweka!

Lachiwiri
Ndikuimbira amalume kumudzi. Akuti agogo Chimtengo anagula njinga ku Halale, koma moyo wawo wonse ankangoikankha, kuopa kutha matayala. Ndaseka mu ofesi mpaka abwana kusuzumira. Koma amenewa ayi.

Lachitatu
Kumsika wa Tsoka, kwa amayi aang'ono ogulitsa kaunjika. Akuti agogo Nangozo ankatcha nkhuku zawo mayina a anthu amene ayambana nawo. Mkangano ukakula, mpeni. "Lero tadya a Nabanda." Mayo nthiti zanga! Amenewanso ayi.

Lachinayi
Ndapeza! Agogo ena anali oliza belu kutchalitchi!
Madzulo: kani ankaliza akamva njala, kuti akazi awo afulumire kuphika. Mudzi wonse kuthamanga, kuyesa maliro. Atsala ndani?

Lachisanu
Amayi akuti dzina langali ndi la agogo a nkhuku aja. "Ndi mtima womwe," akutero. Ndapempha mtundu wonse: mawa nkhani ya nkhuku ayi, chonde. Onse alonjeza. Ndili ndi mantha. Wongani ndimamukonda, sindikufuna makolo ake atithawe.

Loweruka
Ndaima bwinobwino, ndangoti "makolo athu anali anthu ofatsa", amalume ntchafu ya nkhuku m'mwamba: "Kodi ameneyu tikudya ndani?" Tenti yonse kuseka mogubuduka! Amayi anga, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, afotokoza zonse: njinga, belu, a Nabanda. Kenako chala kwa ine: "Mwini dzina ndi uyu." Amayi a Wongani aika mbale pansi. Keke sindinailawe.

Lamulungu
Foni ili zii. Basi, mtundu sasankha. Ndizikankha njinga yanga ndekha.
Masana Wongani ali pageti, tambala kukhwapa. Akuti mphatso yochokera kwa amayi ake, pamodzi ndi uthenga: "Umutche dzina lililonse mwananga, koma langa ayi."
Ndamutcha Amalume.