Ajambuli Okangana ndi Manambala

Ajambuli a pakona paja ankadziwika ndi chinthu chimodzi: manambala olembedwa pa galasi la kamera sankawakhulupirira ngakhale pang'ono. Manambalawo amasonyeza kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala, koma iwo ankati ndi bodza lokhalokha.

"Magalasi awiriwa onse alembedwa eyiti," ankatero, lina kumanja lina kumanzere. "Ili limatulutsa munthu, ili limatulutsa makala. Ndiye eyiti weniweni ndi uti?"

Kuwala ankayeza ndi diso lawo. Ankatsinzina, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufunsa mvula, kenako n'kupotoza galasi mpaka pakati pa manambala, posalembedwa kanthu. Nthawi zina zinkatheka. Koma pa ukwati wa telala, akwati anatuluka oyera mbee, kungotsala maso. Telala atabwera akutentha, iwo anati, "Achimwene, dzuwa linasuntha. Kalikalipireni lomwelo."

Tsiku lina m'chipinda chawo chojambulira munalowa mayi wachitsikana, khanda kumsana. Amuna ake anali kutali kuntchito, mwanayo asanamuonepo, ndipo apongozi anali atawauza kale kuti khandalo silifanana ndi aliyense wa kwawo. Mboni yake inali chithunzi basi.

"Bambo, chonde," ananong'ona, maso ali pansi, "lero lokha tsatirani nambala."

"Mwana wanga, amene analemba nambalayi anamuonapo mwana wakoyu?"

Anamukhazika pafupi ndi windo, kutsinzina, kupotoza, kujambula. Mayiyo akuti anyamuke, anamva, "Taima kaye." Anawaona akubweza galasi pang'onopang'ono mpaka pa eyiti penipeni, n'kujambulanso, nkhope atatembenuzira kukhoma ngati akuba.

Anamupatsa chithunzi chimodzi chokha, chowala bwino, makutu a khanda ali tasa.

"Chatuluka ndi chiti, Bambo, choyamba kapena chachiwiri?"

"Iwe, tenga uzipita."

Amuna ake atachilandira anaimba foni akuseka. "Makutu awa ndi anga! Amayi akufuna chiyaninso?"

Ajambuli anamwalira mwanayo atangoyamba kuyenda. M'chipinda muja tsopano muli wometa, munthu wabwino ndithu koma wosalankhula, ndipo masana pakona pamangoti zii. Mayi uja amakhala pabenchi kudikira bambo ndi mwana akumetedwa, n'kumayang'ana khoma pomwe misomali yopachikira zithunzi idakalipo, palibe amene waizula.